Danjuro, dzina limene lakana kuchoka pa nsanja za ku Japan

M'chaka cha 1704, mumzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo, anthu amene adapita kukaonera sewero m'nyumba ya zisudzo ya Ichimura-za adabwerera kwawo ndi uthenga wa maliro. Katswiri wotchuka kuposa azisudzo onse mumzindawo, Ichikawa Danjuro, adabayidwa ndi mnzake wa ntchito, Ikushima Hanroku, ndipo adafera komweko. Anali asanakwanitse zaka 45. Chaka chisanathe, mwana wake wamwamuna, mnyamata wosafika zaka 20, adalowa dzina la bambo ake, ndipo pa zikwangwani za masewero padalembedwanso Danjuro ngati kuti munthuyo adangodwala n'kuchira.

Dzinalo likadalipo. Amene ali nalo lero ndi wa nambala 13, ndipo adalilandira mu Novembala 2022 ku Kabuki-za, nyumba yaikulu ya zisudzo ya m'dera la Ginza ku Tokyo. Pakati pa woyamba ndi wa lero padutsa zivomezi, moto, nkhondo, kupirikitsidwa mumzinda, kudzipha ndi zaka 59 zimene dzinali lidakhala lopanda mwini. Munthu wofuna kumvetsa mmene anthu otchuka amapangidwira ku Japan, kaya pa nsanja kaya m'nyumba ya malamulo, angachite bwino kuyambira pa banja limeneli.

Zisudzo za kabuki, zimene banjali limasewera, adaziyambitsa ndi mkazi. Mu 1603, chaka chimene Tokugawa Ieyasu adakhala shogun, mkulu wa asilikali wolamulira dziko m'dzina la Mfumu Yaikulu, mayi wina wotchedwa Izumo no Okuni ankakopa makamu a anthu ku Kyoto ndi magule achilendo. Ankavala ngati mwamuna, lupanga m'chiuno, n'kumatsanzira anyamata odzikonda amene ankacheza ndi akazi m'nyumba zomwera tiyi. Malo odziwika a masewero oterewa anali mchenga wa m'mbali mwa mtsinje wa Kamo, kumene kunkakhala anthu amene analibe malo m'dongosolo la dziko. Magulu a akazi otsanzira Okuni adachuluka msanga, ambiri mwa iwo ochokera m'nyumba za uhule, ndipo amuna ankamenyanirana akaziwo. Boma lidaletsa akazi kukwera pa nsanja mu 1629. Malo awo adatenga anyamata achisodzera, koma vuto lidakhala lomwelo, ndipo mu 1652 nawonso adaletsedwa. Amene adaloledwa kupitiriza anali amuna aakulu okha, ndipo adawalamula kumeta tsitsi la pamphumi kuti asamaoneke okopa.

Lamulo lofuna kupha lusoli ndi limene lidalikulitsa. Popeza kukongola kwa nkhope sikukadakwanira kudzaza nyumba, azisudzo adayenera kuphunzira kulankhula, kuvina ndi kukamba nkhani yokhala ndi mutu ndi mchira. Mbali za akazi zidagwa m'manja mwa amuna otchedwa onnagata, amene ankaphunzira mayendedwe, mawu ndi kagwiridwe ka chovala kwa moyo wawo wonse. Komabe chitonzo cha mchenga wa Kamo chidawatsatira. Kwa zaka zoposa 200 anthu apamwamba ankawatcha opemphapempha a kumtsinje, ngakhale pamene ena mwa iwo anali olemera kuposa asilikali amene ankawanyozawo.

Danjuro woyamba adabadwa mu 1660, n'kukulira mu Edo, mzinda watsopano wodzaza ndi asilikali, amisiri ndi amalonda. Amalondawo anali ndi ndalama koma analibe mawu pa zolamula dziko, ndipo Danjuro adawapatsa chimene mitima yawo inkafuna. Adayambitsa kaseweredwe kamphamvu kotchedwa aragoto: ngwazi yokhala ndi mizere yofiira kumaso, lupanga lalitali kuposa la munthu wamba, mawu ogunda ndi mapazi opondetsa pansi. Pa nthawi imene nkhani yafika pachimake, ngwaziyo imaima nji ngati chosema, maso ali tong'o, matabwa akuombedwa pambali. Mu sewero la Shibaraku, limene adalionetsa koyamba mu 1697, nduna yoipa imakhala itatsala pang'ono kupha anthu osalakwa pamene mawu amamveka kumbuyo kwa oonerera olamula kuti adikire kaye, kenako ngwazi imatulukira n'kuwapulumutsa. Nkhaniyo ndi yaifupi ndipo mapeto ake amadziwika, koma kwa munthu amene tsiku lililonse ankagwadira asilikali mumsewu, kuona wamkulu akuchititsidwa manyazi kunali mankhwala.

Banjali lili ndi dzina lina la nyumba, Naritaya, limene oonerera odziwa bwino masewero amafuula kuchokera m'mipando ya kumtunda pamene katswiri wachita bwino. Lidachokera ku kachisi wa Shinshoji ku Narita, pafupi ndi kumene lero kuli bwalo la ndege. Danjuro woyamba adakapemphera kumeneko kwa mulungu Fudo kuti amupatse mwana wamwamuna, ndipo mwanayo adabadwa mu 1688. Pothokoza adasewera mbali ya Fudo pa nsanja, anthu a ku Edo adayamba kukhamukira ku kachisiyo, ndipo ubale wa banjali ndi Narita sudathe mpaka lero.

Mwana wopemphedwayo, Danjuro wachiwiri, ndiye adakhazikitsa dzinali. Adakhala ndi moyo mpaka 1758, adafewetsa ukali wa bambo ake pousakaniza ndi kaseweredwe kachikondi ka ku Kyoto ndi Osaka, ndipo mu 1713 adabweretsa Sukeroku, mnyamata wokongola, wandewu ndi wapakamwa pakuthwa, amene adakhala chithunzi cha mmene mwamuna wa ku Edo ankafunira kuoneka. Malipiro ake adafika pa ndalama zagolide za ryo 1,000 pa chaka, ndipo mpaka pano Ajapani amatchula munthu waluso lalikulu kuti ndi wazisudzo wa ryo 1,000.

Kutchuka kotereku kunali ndi ngozi yake. Mu 1714 Ejima, mmodzi mwa amayi akuluakulu oyang'anira nyumba ya akazi a shogun, adapatukira ku nyumba ya zisudzo ya Yamamura-za pochokera ku kachisi, adacheza ndi katswiri Ikushima Shingoro, ndipo adafika ku linga la shogun zipata zitatsekedwa kale. Mlandu wake udakhudza anthu oposa 1,000. Ejima adamutsekera kumapiri a Takato mpaka imfa yake, Shingoro adamupititsa ku chilumba cha Miyake, ndipo Yamamura-za idatsekedwa osadzatsegulidwanso. Ku Edo kudatsala nyumba zitatu zokha zovomerezeka: Nakamura-za, Ichimura-za ndi Morita-za.

Koma boma silikadatha kuletsa anthu kukonda. Wazisudzo akavala nsalu ya maluwa ena pa nsanja, mwezi wotsatira mzinda wonse unkaivala. Timabokosi tosinthana mitundu timene Sanogawa Ichimatsu adavala mu 1741 timatchedwabe ndi dzina lake, ndipo ndi tomwe tidaikidwa pa chizindikiro cha masewera a Olympic a ku Tokyo a 2020. Zithunzi za azisudzo zosindikizidwa ndi matabwa zinkagulitsidwa motsika mtengo m'misewu. Mmodzi mwa ojambula, Sharaku, adagwira ntchito miyezi khumi yokha mu 1794 ndi 1795, n'kusiya zithunzi pafupifupi 140 zimene sizinkabisa mphuno zazikulu ndi makwinya a akatswiri. Chimodzi mwa zabwino kwambiri ndi cha Danjuro wachisanu atakalamba, ndipo lero nyumba zosungira zaluso ku Ulaya ndi ku America zimanyadira kukhala nacho.

Apa mpamene pali chinsinsi cha banjali. Anthu ambiri amaganiza kuti Danjuro wa lero ndi mdzukulu wamagazi wa amene adaphedwa mu 1704, koma si choncho. Wachitatu anali mwana womulera, ndipo adamwalira ali mnyamata mu 1742. Wachinayi adachokera ku nyumba ya Matsumoto Koshiro. Wachisanu ndi chimodzi adafa ali ndi zaka za m'ma 20 koyambirira, ndipo dzina lidapita kwa mwana wa mlongo wake, kamnyamata kosafika zaka khumi. Nthawi iliyonse imene magazi adalephera, banjali lidafunafuna munthu woyenera, n'kumulowetsa m'nyumba. Chimene ankateteza ndi dzina, masewero ake ndi kachitidwe kake.

Owerenga amene adaonapo mwambo wolonga ufumu sangavutike kumva zimenezi. Mfumu ikagona, dzina silipita nayo kumanda; wolowa dzina la Gawa Undi kapena Gomani amasenza mbiri, anthu ndi ngongole za onse amene adakhala pampandowo iye asanabadwe. Ku kabuki mwambo wolowa dzina umatchedwa shumei, ndipo umachitikira pa nsanja, anthu atalipira pakhomo. Akuluakulu a nyumba zina amagwada pamzere atavala zovala za mwambo, aliyense n'kulankhula mawu ochepa opempha oonerera kuti amulandire ndi kumuchirikiza mwini dzina watsopanoyo. A banja la Ichikawa amavala zofiirira zokhala ndi chizindikiro cha miyeso itatu ya mpunga yolowetsana. Pamapeto Danjuro amachita chinthu chimene ndi cha nyumba yake yokha: amatong'olera oonerera maso moopsa, diso limodzi litapendekera mkati, ndipo chikhulupiriro chakale chimati amene wayang'anidwa chotere sadwala chimfine chaka chonse. Mwambowu suthera ku Tokyo. Umazungulira mizinda kwa miyezi yambiri, ndipo umabweretsa ndalama zochuluka.

Dzina lalikulu salilandira tsiku limodzi. M'mibadwo yaposachedwa mwana amayamba ngati Shinnosuke, akakula amakhala Ebizo, ndipo akakhwima ndi pamene amapatsidwa la Danjuro. Amakwera pa nsanja asanayambe sukulu kapena atangoiyamba, ndipo kuvina, kuimba ndi kalankhulidwe amaziphunzira poonera ndi kutsanzira akuluakulu.

Mwa onse amene adanyamula dzinali, wachisanu ndi chiwiri ndiye adakhala moyo wofanana ndi sewero. Kamnyamata kaja kadakula kukhala katswiri wodziwa kusewera mbali iliyonse. Mu 1832 adasankha masewero 18 n'kulengeza kuti ndi chuma cha nyumba ya Ichikawa, ndipo mu 1840 adaonetsa Kanjincho, nkhani ya mtumiki wokhulupirika Benkei amene amamenya mbuye wake Yoshitsune ndi ndodo pa chipata cha alonda kuti adani asamuzindikire. Seweroli adalitenga ku zisudzo za noh, zimene zinali za anthu apamwamba, ndipo kuchita zimenezo kunali kulimba mtima kwa munthu wa gulu lonyozeka.

Patangopita chaka chimodzi, nduna Mizuno Tadakuni idayamba kulimbana ndi moyo wamwanaalirenji. Nyumba zitatu zija zidasamutsidwa kuchoka pakati pa mzinda kupita ku Asakusa, kumalire. Katswiriyo, amene pa nthawiyi anali atapereka dzina la Danjuro kwa mwana wake n'kutenga la Ebizo, adazengedwa mlandu wokhala m'nyumba yapamwamba kuposa gulu lake ndi wogwiritsa ntchito zida zenizeni za nkhondo pa nsanja. Nyumba yake idagwetsedwa ndipo iye adapirikitsidwa mu Edo mu 1842. Adakhala kunja pafupifupi zaka zisanu ndi ziwiri, akusewera ku Osaka ndi m'madera ena. Mwana wake, Danjuro wa nambala 8, anali wokondedwa ndi akazi a mzinda wonse, koma mu 1854 adadzipha ali ku Osaka, zaka zake zitangopitirira 30.

M'bale wake wamng'ono ndiye adasintha mbiri ya ntchito yonse. Adabadwa mu 1838, ndipo ali khanda adaperekedwa ku banja la Kawarasaki, limene lidamulera mwankhanza pomuphunzitsa luso. Adabwerera kwawo n'kukhala Danjuro wa nambala 9 mu 1874, ulamuliro wa ma shogun utagwa ndipo boma la Mfumu Meiji likufuna kuonetsa maiko a azungu kuti Japan ndi dziko lotukuka. Akuluakulu amene adayendera Paris ndi London adaona mafumu akupita kukaonera zisudzo, ndipo adafuna kuti kwawo kukhalenso chimodzimodzi. Nyumba ya Shintomi-za idatsegulidwanso mu 1878 ndi nyali za gasi, ndipo chaka chotsatira idalandira Ulysses Grant, mtsogoleri wakale wa dziko la America. Danjuro adayesa masewero a mbiri otsata zovala ndi malankhulidwe enieni akale. Ophunzira adawayamikira, koma anthu wamba adawaona ozizira, ndipo pamenepa anthu wambawo sadalakwe: mphamvu ya kabuki ili m'kukokomeza kwake.

Tsiku lalikulu lidafika mu Epulo 1887. Pa nyumba ya nduna yoona za kunja, Inoue Kaoru, Danjuro pamodzi ndi Onoe Kikugoro wachisanu ndi Ichikawa Sadanji woyamba adasewera pamaso pa Mfumu Meiji. Zaka 45 zokha m'mbuyomo bambo ake anali atathamangitsidwa mumzinda womwewo ngati chigawenga. Kabuki-za idatsegulidwa mu 1889, ndipo mu 1899 Danjuro ndi Kikugoro adajambulidwa akuvina Momijigari. Kanema wa mphindi zochepayo ndiye wakale kwambiri mwa makanema ojambulidwa ndi Ajapani amene adapulumuka. Onse awiri adamwalira mu 1903.

Danjuro ameneyu adasiya ana aakazi awiri, ndipo dzina lidakhala pansi. Mkamwini wake, amene ankagwira ntchito ku banki, adasiya ntchitoyo n'kuyamba zisudzo ali wamkulu kale. Ankadziwa yekha kuti luso lake silikufika pa dzinalo, choncho sadalitenge. Adadzipereka kuukitsa ena mwa masewero 18 aja amene anali ataiwalika, ndipo adalowetsa m'banja mwana woyamba wa Matsumoto Koshiro wa nambala 7. Munthu wodzichepetsayu adapatsidwa nambala 10 atamwalira kale, ndipo ulemu umenewo adauyenera.

M'zaka zimenezo ntchito yonse ya kabuki idalowa m'manja mwa kampani ya Shochiku, imene adaiyambitsa mapasa Shirai Matsujiro ndi Otani Takejiro ku Kyoto mu 1895. Kabuki-za idapsa mu 1921, idaonongekanso ndi chivomezi cha 1923 ikumangidwa, ndipo mabomba a 1945 adaitentha kachiwiri. Asilikali a America atalanda dzikolo adaletsa masewero otamanda kubwezera ndi kufera mbuye, ndipo kwa kanthawi zidaoneka ngati lusoli latha. Chiletsocho chidafewa pofika 1947, mothandizidwa ndi Faubion Bowers, Mmereka wogwira ntchito ndi akuluakulu a asilikaliwo amene ankakonda kabuki. Nyumbayo idatsegulidwanso mu 1951, ndipo mwana wolowetsedwa uja, amene tsopano anali Ebizo, adadzaza mipando ndi akazi achitsikana posewera Kalonga Genji. Adalandira dzina la Danjuro wa nambala 11 mu 1962, koma adakhala nalo zaka zitatu ndi theka zokha. Khansa idamutenga mu 1965, mwana wake ali ndi zaka 19.

M'dziko la kabuki mwana wamasiye amavutika, chifukwa mbali zabwino amagawa ndi akuluakulu amene ali ndi ana awoawo. Mnyamatayo adayenda m'nyumba za anzawo a bambo ake kupempha maphunziro, otsutsa akudandaula za mawu ake, mpaka adakhala Danjuro wa nambala 12 mu 1985. Adapezeka ndi khansa ya m'magazi mu 2004, komabe mu 2007 adasewera Kanjincho ndi mwana wake ku Paris Opera. Adamwalira mu Febuluwale 2013, kutatsala miyezi iwiri kuti Kabuki-za yatsopano, yojambulidwa ndi Kengo Kuma, itsegulidwe.

Mwana wakeyo, wa nambala 13, wobadwa mu 1977, adakula makamera akumutsata. Mu 2010 adavulazidwa pa ndewu ya kumalo omwera mowa ku Tokyo, ndipo adaimitsidwa kusewera kwa miyezi ingapo. Mkazi wake, Kobayashi Mao, woulutsa nkhani pa wailesi yakanema, adamwalira ndi khansa ya m'mawere mu 2017, dziko lonse likulira naye. Mwambo wake wolowa dzina udakonzedwa kuti uchitike mu Meyi 2020, koma mliri wa Covid-19 udauchedwetsa ndi zaka ziwiri ndi theka. Pakatipo adaonekera pa mwambo wotsegulira masewera a Olympic mu Julayi 2021 atavala chovala cha Shibaraku. Pa tsiku limene adalandira dzina, mwana wake wa zaka zisanu ndi zinayi adagwada pambali pake n'kukhala Shinnosuke wa nambala 8.

Chizolowezi chopatsirana malo sichidathere pa nsanja. Andale a ku Japan amati munthu wofuna kupambana chisankho amafunika zinthu zitatu: dera lokhala ndi omutsatira, dzina lodziwika ndi chikwama cha ndalama. Mwana wa phungu amazipeza zonse zitatu zili kale m'nyumba. Pakati pa 2006 ndi 2010 dzikolo lidakhala ndi nduna zazikulu zinayi motsatizana, ndipo aliyense anali mwana kapena mdzukulu wa nduna yaikulu yakale: Abe Shinzo, mdzukulu wa Kishi Nobusuke, Fukuda Yasuo, mwana wa Fukuda Takeo, Aso Taro, mdzukulu wa Yoshida Shigeru, ndi Hatoyama Yukio, mdzukulu wa Hatoyama Ichiro. Banja la Koizumi latumiza mibadwo inayi ku nyumba ya malamulo kuchokera ku dera la Yokosuka. Mu 2023 Kishi Nobuchiyo, mwana wa mng'ono wake wa Abe, adaika mndandanda wa makolo ake pa intaneti pofuna mpando umene bambo ake adausiya. Anthu adakwiya, iye adauchotsa, koma mpandowo adaupeza.

Atolankhani a ku Japan nthawi zina amafanizira mabanja a ndalewa ndi a kabuki, koma kufananako n'kwapamwamba chabe. Mwana wa wazisudzo amalandira luso limene limalowa m'thupi pang'onopang'ono kuyambira ubwana, ndipo amaliyesedwa poyera masiku oposa 20 pa mwezi, pamaso pa anthu amene adaonapo bambo ake ndi agogo ake akusewera mbali yomweyo. Akalephera, aliyense amaona. Mwana wa phungu alibe luso lotere loti alandire. Chimene amalandira ndi mwayi woyamba mpikisano ali patsogolo pa anzake, pa udindo umene ndi wa anthu onse. N'chifukwa chake zidamveka kwambiri pamene Suga Yoshihide, mwana wa mlimi wa zipatso wa ku Akita, adakhala nduna yaikulu mu 2020, ndiponso pamene Takaichi Sanae, amene sachokera ku banja la ndale, adakhala mkazi woyamba pa udindowo mu Okutobala 2025.

Ngakhale ku zisudzo mwambowu uli ndi mtengo wake, ndipo olipira ndi amene adabadwira kunja kwa nyumba zazikulu. Nyumba ya zisudzo ya boma, imene idatsegulidwa mu 1966, idayamba mu 1970 kuphunzitsa anyamata ochokera m'mabanja wamba. Lero ophunzira amenewa ndi gawo lalikulu la azisudzo a kabuki, ndipo popanda iwo masewero sangachitike, koma ambiri amakalamba akusewera alonda, antchito ndi asilikali ogwetsedwa pa ndewu. Kuti wakunja akwere, amafunika nyumba yomutenga. Bando Tamasaburo wachisanu, wobadwa mu 1950 m'banja losachita zisudzo, adayamba kuvina pofuna kulimbitsa miyendo atadwala poliyo ali mwana. Morita Kanya wa nambala 14 adamutenga ngati mwana wake, ndipo adakhala onnagata wamkulu wa m'badwo wake. Mu 2012 boma lidamuika m'gulu la akatswiri olemekezedwa ngati chuma chamoyo cha dziko. Nkhani ya magazi ndi luso imawakhudza Ajapani mpaka pano. Kanema wa Kokuho wa mu 2025, wotsogoleredwa ndi Lee Sang-il, amakamba za mwana wa chigawenga woleredwa m'nyumba ya kabuki amene amapikisana ndi mwana weniweni wa mwini nyumba, ndipo anthu mamiliyoni adakaonera.

Otsekeredwa kwambiri ndi ana aakazi. Lamulo la 1629 lidatha kalekale, koma mwambo udalisunga. Matsu Takako, mwana wa Matsumoto Hakuo wachiwiri, adatchuka m'makanema ndi m'nyimbo, ndipo ndi iye adapereka mawu a Elsa m'kanema wa Frozen wa Chijapani; dzina la Koshiro lidapita kwa mlongo wake mu 2018. Terajima Shinobu, mwana woyamba wa Onoe Kikugoro wa nambala 7, adakula akuona mlongo wake wamng'ono akukonzekeretsedwa kulowa dzina la bambo awo. Adapita ku makanema, ndipo mu 2010 adalandira mphoto ya mkazi wosewera bwino kwambiri pa chikondwerero cha makanema cha ku Berlin. Mwana wake wamwamuna, amene bambo ake ndi Mfalansa, adalandiridwa ku Kabuki-za monga Onoe Maholo mu Meyi 2023, ali ndi zaka khumi. Mwana wa mwana wamkazi adaloledwa mosavuta, pomwe mayi wake woluso adadikira moyo wonse.

Nyumba zimene zidalowetsa wogwira ntchito ku banki, ana a nyumba zina ndi mnyamata wodwala poliyo kuti luso lisafe zilibe chifukwa chomveka chokanira ana awo aakazi, makamaka pa luso limene adaliyambitsa ndi mkazi. Bungwe la UNESCO lidaika kabuki pa mndandanda wa chuma cha anthu onse mu 2008, ndipo chuma chotere sichiyenera kutsekera theka la ana obadwira m'kati mwake. Zizindikiro za kusintha zilipo, ngakhale n'zochepa. Mwana wamkazi wa Danjuro wa lero, amene amavina ndi dzina la Ichikawa Botan, adapatsidwa gule wake pa nsanja ya Kabuki-za mu Disembala 2022, pa mwambo wa bambo ake. Terajima Shinobu adasewera pa nsanja yomweyo mu Okutobala 2023, mbali ya mkazi wa mmisiri wosauka, ali ndi zaka 50. Dzina la Kikugoro wa nambala 8 lidaperekedwa kwa mlongo wake mu Meyi 2025.